Za Kukolola Dzuwa ndi Nkhokwe Yake

M'miyezi ya chilimwe, mvula itatha ndi chimanga chitalowa m'nkhokwe, munthu woyenda m'mudzi masana apeza dzuwa lili kugwira ntchito pakhomo lililonse. Pano liumitsa ufa pamphasa, apo liumitsa makaka patsindwi, ndipo uko kunyanja liumitsa usipa pamathandala. Mai wina wafutsa chitambe nachiyanika. Chikauma adzachimanga m'chikwatu, ndipo m'mwezi wa Okutobala, pamene nthaka ili gwa ndi ndiwo zasowa, ana ake adzadya mfutso. Mai ameneyo sanaphunzire za makina, koma adziwa zinthu ziwiri zimene anthu ophunzira a maiko ambiri avutika nazo zaka pafupifupi 200: kugwiritsa ntchito dzuwa likadalipo, ndi kusungirako nthawi imene palibe.

Dzuwa lili kutali ndithu, makilomita 150 miliyoni, ndipo kuunika kwake kuyenda mphindi 8 kuti kufike kuno. Chikhalirecho mphamvu imene litsanulira padziko pa maola awiri okha iposa mphamvu yonse imene anthu a mitundu yonse aigwiritsa ntchito chaka chathunthu, pophika, pounikira, poyendetsa magalimoto ndi pozunguza makina ao.

Kunena zoona, mphamvu zambiri zimene anthu ali nazo zichokera ku dzuwa lomwelo, koma zidzera njira yozungulira. Chikuni chili pamoto chinali mtengo, ndipo mtengowo unakula ndi dzuwa. Choncho moto wa pamafuwa ndiwo dzuwa la zaka zapitazo. Magetsi a ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira achokera ku madzi a Shire otsika pamathithi. Koma anakweza madziwo ndani? Dzuwa ndilo linawatenga m'nyanja zamchere ngati nthunzi, nthunziyo nisanduka mitambo, mvula nigwa pamapiri, mitsinje nitsikira m'Nyanja ya Malawi, nyanjayo nitsanulira mu Shire. Njira zimenezi nzazitali. Mtengo wa tsanya ukula zaka zambiri, nkhwangwa niugwetsa m'mawa umodzi. Ndipo chaka chimene mvula yachepa, makina a pa Shire naonso afooka. Chifukwa chake anthu anayamba kufunsa kuti, Kodi palibe njira yachidule, yakutenga kuunika kwa lero ndi kukusandutsa magetsi lero lomwe?

Dengu limodzi pa madengu 100

M'chaka cha 1839, mu mzinda wa Paris ku France, munali mnyamata wa zaka 19 dzina lake Edmond Becquerel. Atate ake anali munthu wofufuza za magetsi, ndipo mwanayo ankagwira ntchito m'nyumba yao yoyeseramo zinthu. Iye anaviika timapale tiwiri tachitsulo m'madzi a mankhwala, natilumikiza ndi waya ku chida choyezera magetsi. Kuunika kutagwa pa kapale kamodzi, singano ya chidacho inagwedezeka. Magetsiwo anali ochepa ndithu, osakwana kuyatsa kanthu kalikonse, ndipo panalibe munthu masiku amenewo wodziwa chifukwa chake anatuluka. Koma chinthu chimodzi chinaoneka poyera: kuunika kukhoza kubala magetsi popanda moto, popanda utsi, ndi popanda gudumu lozungulira.

Panapita zaka 44. M'chaka cha 1883 Charles Fritts wa ku New York anatenga chinthu chotchedwa seleniyamu, nachikuta ndi golidi wopyapyala kotero kuti kuunika kunkapyola. Ichi ndicho chinali chiwiya choyamba chouma chotulutsa magetsi padzuwa. Tsono apa pafunika muyeso. Wowerenga ayese kuti kuunika kogwa pachiwiyacho kuli ngati chimanga cha m'munda chokwana madengu 100. Chiwiya cha Fritts chinkafikitsa kunyumba dengu limodzi lokha. Madengu 99 ankatayika, ena pobwerera m'mwamba monga kung'anima, ena posanduka kutentha chabe. Mlimi wokolola chotero anzake amseka, ndipo chiwiya cha Fritts anthu ambiri sanachisamale.

M'chaka cha 1905 Albert Einstein analongosola kuti kuunika sikutsika kosaduka ngati madzi a m'ngalande, koma kufika m'timagawo ting'onoting'ono ngati njere za mawere, ndipo kanjere kalikonse kakhoza kugunda kanthu kamodzi m'kati mwa chitsulo ndi kukachotsa pamalo pake. Zinthu zogundidwazo dzina lake maelekitironi. Ndi zazing'ono zosaoneka ndi maso, koma zikayenda pamodzi m'waya, ndiwo magetsi amenewo.

M'chaka cha 1940, ku nyumba zofufuzira za Bell Laboratories ku America, Russell Ohl anali kuyesa zidutswa za silikoni. Chidutswa china chinali ndi mng'alu pakati. Wina akadachitaya, iye anachiyesabe, napeza kuti chikaonetsedwa kuunika chitulutsa magetsi oposa amene anawayembekeza. Pofufuza kunapezeka kuti mbali ziwiri za mng'aluwo zinali zosiyana pang'ono, pakuti tizitsotso ta m'silikoniyo tinagawikana pamene inali kuzizira. Malire a pakati pa mbali ziwirizo ndiwo anali chinsinsi chonse.

Patapita zaka zingapo, ku Bell Laboratories komweko, Daryl Chapin anapatsidwa ntchito yakupeza mphamvu yoyendetsera lamya m'madera akutali, otentha ndi achinyezi, kumene mabatire ouma afa msanga. Anayamba ndi seleniyamu, nalephera. Koma anali ndi anzake awiri: Calvin Fuller, wodziwa kusakaniza mankhwala m'silikoni mwa muyeso wake, ndi Gerald Pearson, amene anaika kachidutswa ka Fuller pakuunika naona singano ilumpha. Atatuwo anagwirira ntchito pamodzi, ndipo pa 25 Epulo 1954 anaonetsa anthu chiwiya chao. Chinazunguza kagudumu koseweretsa ana, nichiyendetsanso kawailesi kotumiza mau. Chinkakolola madengu 6 pa 100.

Umo chigwirira ntchito

Silikoni si chinthu chosowa iai. Ili mu mchenga, ndi mu nsangalabwi zimene ana azimenyanitsa usiku kuti aone moto. Koma kuti igwire ntchito iyi, iyenera kuyengedwa m'ng'anjo yotentha koposa ng'anjo zimene makolo ankayengeramo chitsulo, ndi kuyeretsedwa mpaka pa tinthu miliyoni imodzi chitsotso chisapose chimodzi. Ikazizira aicheka m'timapale topyapyala ngati mapepala awiri a m'buku ophatikizana.

Pamenepo pachitika chodabwitsa. Atavutika kuyeretsa chotero, amisiri aikamonso zitsotso mwadala. Mbali ina athirako fosiforasi pang'ono, ndipo kumeneko kukhala maelekitironi otsala opanda malo ao. Mbali inzake athirako boroni, ndipo kumeneko kukhala mipata yosowa okhalamo. Pokomana mbali ziwirizi pakhala malire aja anawapeza Ohl, ndipo malirewo ali ngati khomo la mono: nsomba ilowa bwino, koma kubwerera njira yomweyo siitha. Kanjere ka kuunika kakagunda elekitironi pafupi ndi malirewo, elekitironiyo ikankhidwira mbali imodzi, ndipo singathe kubwerera. Zinzake nazonso zitero, mpaka zithinana. Njira yokha yobwerera kwao ndiyo waya amene munthu walumikiza kunja. Ndipo pa waya ameneyo munthuyo waikapo nyali, kapena wailesi, kapena pampu yotungira madzi. Maelekitironi adzera m'nyalimo naiyatsa, nafika kwao, kuunika nikuwagundanso. Motero palibe chimene chitha kapena kupsa. Malinga dzuwa liwala, ulendowo suleka.

Kapale kamodzi kapatsa mphamvu yochepa, chifukwa chake alumikiza tambiri, kawirikawiri 60 kapena 72, natitsekera pansi pa galasi lolimba. Ichi ndicho chimene anthu achitcha sola. Popeza mulibe chozungulira kapena chokhulana, sola yopangidwa bwino igwira ntchito zaka 25 ndi kupitirira. Adani ake ndiwo fumbi, zitosi za mbalame ndi mthunzi. Timapale tija talumikizana ngati anthu opatsirana njerwa pamzere: mmodzi akachedwa, onse achedwa. Choncho tsamba limodzi la papaya logwera pakona ya sola lichepetsa mphamvu koposa ukulu wake, ndipo mwana wopukuta galasilo ndi nsalu yonyowa m'mamawa waonjezera kuwala kwa m'nyumba madzulo.

Kuthambo kaye, pambuyo pake pansi

Chiwiya cha 1954 chinali chabwino, koma mtengo wake unali woopsa. Munthu wofuna kuyendetsa nacho magetsi a m'nyumba yake akadalipira ndalama zoposa mtengo wa nyumbayo kambirimbiri. Chimene chinachipulumutsa ndi maulendo a kuthambo. Pa 17 Malichi 1958 anthu a ku America anaponya m'mlengalenga kachombo kotchedwa Vanguard 1, kobulungira ngati dzungu laling'ono, kosakwana makilogalamu awiri. Kanali ndi mawailesi awiri: ina inkadya batire, ina inkadya dzuwa. Ya batire inakhala chete chaka chomwecho. Ya dzuwa inalankhulabe mpaka 1964. Kuthambo kulibe sitolo yogulako batire, ndipo kumeneko mtengo wa sola sunaopse munthu. Motero amisiri anapeza ogula, napitiriza kuphunzira ntchito yao.

Mphamvu ya magetsi iyesedwa ndi mawati, monga ufa uyesedwa ndi mbale. M'chaka cha 1977 wati imodzi ya sola inkagulidwa madola 76 a ku America. Pofika 2020 inali yosakwana theka la dola imodzi. Kutsika kumeneku sikunadze ndi munthu mmodzi kapena tsiku limodzi. Ena anaphunzira kucheka timapale ndi kawaya kopaka diamondi, kuti silikoni yambiri isatayike ngati utuchi. Martin Green ndi ophunzira ake ku Sydney, m'dziko la Australia, anafika madengu 20 m'chaka cha 1985, napanganso chophimba cha kumsana kwa kapale chobweza kuunika kumene kukadapyola. Mafakitale aakulu anamangidwa ku Japan, ku Germany, makamaka ku China, kumene m'chaka cha 2022 kunkachokera masola pafupifupi 8 pa 10 alionse a padziko. Ndipo owerengera anaona kuti nthawi iliyonse chiwerengero cha masola opangidwa chikawirikiza kawiri, mtengo utsika pafupifupi gawo limodzi la magawo asanu.

Komabe silikoni ili ndi polekezera pake. Payokha singafike madengu 30, pakuti kuunika kwa dzuwa kuli ndi mitundu yambiri, monga utawaleza uonetsa, ndipo silikoni sikolola mitundu yonse mofanana. M'chaka cha 2009 Tsutomu Miyasaka wa ku Japan anayesa mankhwala ena otchedwa perovskite, napeza madengu osakwana 4, ndipo chiwiyacho chinaonongeka patapita mphindi zochepa. Ambiri akadaleka pomwepo. Koma kuona maso a nkhono nkudekha. Ena anapitiriza, ndipo zisanathe zaka 12 anapyola madengu 25. Mankhwalawa apakidwa mopyapyala ngati utoto, osalira ng'anjo yaukali. Tsono akapakidwa pamwamba pa silikoni, iwo akolola kuunika kobiriwira ngati thambo, silikoni nikolola kofiira kumene kwapyola, monga mlimi wobzala nyemba m'chimanga akolola kawiri pamunda umodzi. M'chaka cha 2023 ziwirizi pamodzi zinapyola madengu 33. Koma perovskite aopa chinyezi ndi kutentha, ndiponso muli mtovu pang'ono, umene uli poizoni. Ndipo sanatsimikizikebe kuti akhoza kupirira padenga zaka 25 monga silikoni.

Nkhokwe

Tsono dzuwa lilowa. Ndipo lilowa pa nthawi yomwe anthu afuna magetsi koposa: mwana watsegula buku lake, mai ali kupakula nsima, ndipo kuchipatala kwafika wapakati amene nthawi yake yakwana. Sola ya padenga, ngakhale ikhale ya madengu 33, usiku ili ngati lichero chabe. Magetsi sakhala m'waya kudikira munthu. Apangidwa ndi kugwiritsidwa ntchito m'kamphindi komweko. Munda wopanda nkhokwe udyetsa anthu pa masika pokha, ndipo kumanga nkhokwe ya magetsi kwavuta anthu koposa kukolola.

Batire loyamba analipanga Alessandro Volta wa ku Italy m'chaka cha 1800, koma likatha linali litatha, monga mabatire a tochi. M'chaka cha 1859 Gaston Planté wa ku France anaviika mapale a mtovu mu asidi, napeza kuti batire lotere likatha likhoza kudzazidwanso. Limeneli ndilo kholo la batire la galimoto, limene anthu ambiri a m'midzi alilumikiza ku sola. Ligwira ntchito, koma lilemera, ndipo lili ndi khalidwe lake: likamakhuthulidwa mpaka pansi tsiku ndi tsiku, lifa msanga. Mwini nyumba wanzeru atapamo theka lokha nasiya theka, monga asiya mbeu m'nkhokwe.

Anthu anafuna nkhokwe yopepuka. Mwa zitsulo zonse yopepuka koposa ndiyo lithiyamu, imene iyandama pamadzi. Koma njaukali, pakuti ikakhudza madziwo ilusa, ndipo ikhoza kuyaka. Kuiweta kunatenga anthu atatu m'maiko atatu. M'zaka za m'ma 1970 Stanley Whittingham, Mngelezi wogwira ntchito ku America, anapanga batire la lithiyamu lodzazidwanso, koma nthawi zina linkagwira moto. M'chaka cha 1980 John Goodenough, ali ku Oxford, anapeza kuti mbali imodzi ya batirelo ikapangidwa ndi kobati, mphamvu yake ikula kwambiri. M'chaka cha 1985 Akira Yoshino wa ku Japan anachotsamo chitsulo chaukali chija, naikamo makala a mtundu wina okhala ndi timipata momwe tinthu ta lithiyamu tibisala mwamtendere. Kampani ya Sony inayamba kugulitsa mabatire otere m'chaka cha 1991, ndipo m'chaka cha 2019 atatuwo analandira mphoto ya Nobel. Goodenough anali ndi zaka 97, ndipo panalibe wina wamkulu chotero amene anailandirapo.

M'kati mwa batireli muli ngati midzi iwiri, wina kuchigwa, wina paphiri. Masana sola ikankha tinthu ta lithiyamu kuti tikwere kuphiri, nitikhala m'timipata ta makala tija. Usiku munthu akayatsa nyali, titsika tokha kubwerera kuchigwa. Koma maelekitironi ake saloledwa kudzera m'katimo, choncho azungulira pawaya nayatsa nyaliyo. M'mawa mwake tikweranso. Ulendo umenewu ukhoza kuchitika kambirimbiri, koma ulendo uliwonse tina titsalira panjira, ndipo ndicho chifukwa chake batire la foni yakale silikhalitsa. Nkhokwe iliyonse ili ndi anankafumbwe ake. Kuyambira 1991 mpaka 2018 mtengo wa mabatire amenewa unatsika ndi magawo oposa 90 pa 100; ndicho chifukwa afika m'tinyali ta pamsika.

Koma walira mvula walira matope. Kobati wambiri wa padziko, pafupifupi magawo 7 pa 10, akumbidwa ku Congo, kufupi ndi malire a Zambia. Ndipo ku maenje ena okumbidwa ndi manja kwapezeka ana a msinkhu wa kusukulu ali kusenza matumba a miyala, ndi anthu ena afera m'maenje ogumuka. Lithiyamu ikumbidwa ku Australia, ku Chile, ndi ku Bikita m'dziko la Zimbabwe. Chifukwa cha ichi nchabwino kuti Goodenough yemweyo ndi anzake, m'chaka cha 1997, analengeza za batire lina la lithiyamu lopangidwa ndi chitsulo wamba ndi fosifeti, lopanda kobati. Lisunga mphamvu yocheperapo pa kulemera kwake, koma siligwira moto msanga, likhalitsa, ndipo ndilo limene lidzaza nkhokwe zazikulu zambiri za magetsi a dzuwa zomangidwa zaka zino. Ena ayambanso kupanga mabatire a sodiyamu, imene ili mu mchere wa m'ndiwo ndipo siisowa m'dziko lililonse.

Mchere wotentha ndi madzi a paphiri

Si nkhokwe zonse zili mabatire. Mwana aliyense amene anakhalapo pathanthwe madzulo adziwa kuti mwala usunga kutentha dzuwa litalowa. Adziwanso kuti kalilole aponya kuwala kumene munthu afuna. Kale m'chaka cha 1913, Frank Shuman anaimika akalilole opindika ku Maadi, pafupi ndi Cairo, amene anasonkhanitsa dzuwa nawiritsa madzi, nthunzi niyendetsa pampu yotunga madzi a mu Nile kuthirira minda; koma nkhondo ya 1914 inaimitsa ntchitoyo, ndi mafuta otsika mtengo anaiiwalitsa.

Nzeru ziwirizi, ya kalilole ndi ya thanthwe, zinakomana ku Spain, pafupi ndi mzinda wa Seville, pa malo otchedwa Gemasolar, amene anatsegulidwa m'chaka cha 2011. Pakati pali nsanja yotalika mamita 140, ndipo poizungulira pali akalilole aakulu 2,650, onse otembenuka kutsata dzuwa ndi kuponya kuwala kwao pamutu pa nsanjayo. Pamenepo padzera mchere wosungunuka. Si mchere wa m'ndiwo iai, koma wa mtundu umene upezekanso mu feteleza. Madzi awira pa madigiri 100. Mchere uwu utentha mpaka madigiri 565, nutsikira m'thanki yaikulu yofundidwa bwino. Usiku autulutsa kuti uwiritse madzi, nthunzi nizunguza makina a magetsi. Thankiyo ikadzaza ikwana maola 15 opanda dzuwa, ndipo m'chaka cha 2013 malowo anapereka magetsi masiku 36 osaleka, usana ndi usiku.

Njira ina njakale, ndipo siivuta kuimva. Amanga madamu awiri, lina pamwamba pa phiri, lina patsinde pake. Magetsi akachuluka apopa madzi kukwera nao; magetsi akasowa atsegula madziwo, natsika, nazunguza makina. Pa madengu 100 oikidwamo abwerako 75 kapena 80. Madamu otere alipo ku Ingula, m'mapiri a Drakensberg ku South Africa. Ndipo pa magetsi onse osungidwa padziko, ambiri akali m'madamu, osati m'mabatire.

Ku Malawi

Pa kalembera wa 2018 kunapezeka kuti m'Malawi nyumba 11 zokha pa 100 zinkaunikira ndi magetsi, ndipo zoposa theka zinkadalira tochi za mabatire. Makolo a ana a lero anawerengera pa koloboyi, utsi wa parafini uli kulowa m'maso ndi m'mphuno, ndi mantha akuti mphaka akagubuduza kachitiniko udzu wa padenga upsa. Chimene chasintha zinthu ndi kukomana kwa zitatu: sola yotsika mtengo, batire la lithiyamu, ndi nyali ya LED. Babu lakale linkawala potenthetsa kawaya, ndipo pa madengu 100 oposa 90 ankasanduka kutentha. Nyali yoyera ya LED inatheka pamene Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura a ku Japan anapeza njira yakupanga kuunika kobiriwira ngati thambo, chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Ndipo ipatsa kuwala kolingana ndi babu pa mphamvu yosakwana gawo limodzi la magawo asanu. Banja lodya pang'ono, nkhokwe yaing'ono ilikwana. Choncho kasola kolingana ndi chikhatho, koyanikidwa masana onse, kakwana kuunikira buku la mwana maola angapo.

Palinso minda yaikulu ya masola. Wa ku Salima unatsegulidwa mu Novembala 2021, ndipo upereka mamegawati 60. Megawati imodzi ndiyo mawati miliyoni imodzi. Patangopita miyezi iwiri, mu Januwale 2022, namondwe Ana anaononga damu la ku Kapichira, ndipo dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ngati gawo limodzi la magawo atatu a magetsi ake, mpaka chaka cha 2023. Zigayo zinaima, ndi nyumba za m'mizinda zinakhala mumdima maola ambiri patsiku. Masana munda wa ku Salima unathandiza. Madzulo sunathe, pakuti unalibe nkhokwe.

Chaka chomwecho cha 2022, ku Golomoti m'boma la Dedza, anatsegula munda wina wa mamegawati 20, ndipo uwu anaumangira mabatire a lithiyamu okhoza kupereka mamegawati 5 kwa maola awiri. Maola awiri si usiku wonse. Ntchito yao ndiyo kugwiriziza magetsi mtambo ukaphimba dzuwa mwadzidzidzi, ndi kuthandiza pachisisira, pamene nyumba zonse ziyatsa nyali nthawi imodzi. Usiku wotsalawo ausenzabe ndi Shire. Nkhokwe ya masiku ambiri, yosunga dzuwa la Okutobala kuti lidzagwire ntchito pa mvumbi wa Febuluwale kapena pa chiperoni cha Julaye, pa mtengo umene mudzi ungathe kulipira, siinamangidwe. Pa ichi mai wa mfutso uja akali patsogolo pa amisiri.

Batire likafa lisatayidwe kudzala kapena kuswedwa pabwalo. La mtovu lili ndi asidi wotentha khungu, ndipo fumbi la mtovu likalowa m'thupi la mwana liononga ubongo wake kosachiritsika. La lithiyamu likabooledwa kapena kuponyedwa pamoto liphulika. Lisungidwe pouma, patali ndi ana aang'ono ndi ziweto, mpaka libwezedwe kwa wogulitsa mabatire.

Choyesa

Mwana aliyense ayese ichi kwao tsiku lowala. Atole miyala iwiri yakuda yolingana, naiike padzuwa kuyambira m'mawa. Dzuwa likapendeka, umodzi aukulunge m'chiguduli chouma nauike pakati pa dengu la gaga. Unzake ausiye pamtetete. Atadya nsima ya madzulo aikhudze yonse iwiri ndi dzanja, ndipo m'mawa mwake auze aphunzitsi chimene anapeza.